Thiraki ya limoti ikalemedwa: musinthe chiyani poyamba?

Thiraki ya limoti imatuluka m'bokosi itapangidwa kuti izinyamula thupi lake ndi batire, basi. Mukangoisenzetsa kathumba ka mchenga, kumbuyo kumakhala pansi, matayala akutsogolo amapepuka n'kuleka kumvera chiwongolero, ndipo pakapita mphindi zochepa mota imayamba kununkha. Ambiri mwa ife a kuno ku Joni amene talowerera m'masewerawa, kaya tinagulira mwana kenako limoti n'kukhalitsa m'manja mwa bambo, kaya tinachita kuifuna tokha, tikaona zimenezi timathamangira mota yamphamvu. Pa njira zonse zomwe zilipo imeneyo ndi imodzi mwa zodula, ndipo kawirikawiri vuto silikhala pamenepo.

Njira zomwe ndiyerekeze ndi izi: kulimbitsa masipuling'i ndi matayala, kutsitsa magiya, kusintha mota, kuika zitsulo m'malo mwa pulasitiki, kukoka ngolo, ndi kugula thiraki ina yopangidwira ntchitoyi.

Zoti muyeze musanatulutse randi

Yambani ndi katunduyo. Pabokosi akalemba 1/10 sizitanthauza kuti thirakiyo inganyamule gawo limodzi mwa magawo 10 a katundu wa thiraki yeniyeni. Inachepetsedwa m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, choncho kulemera mumagawa ndi 10 katatu, ndiye kuti 1,000. Bakkie yonyamula tani imodzi ikakhala ya 1/10, katundu wolingana nayo ndi kilogalamu imodzi yokha. Pa 1/14 mumagawa ndi 2,744, moti matani 30 a lole yaikulu amatsika kufika pafupifupi makilogalamu 11. Pa 1/16 mumagawa ndi 4,096. Mathiraki aang'onowa amapirira kuposa pamenepa, chifukwa kanthu kakang'ono kamakhala kolimba poyerekeza ndi kulemera kwake. Komabe masamuwa akuonetsani kuti makilogalamu 5 pa thiraki ya 1/10 si katundu wamasewera. Ndipo mwana asakhalepo, ngakhale alire chotani.

Kenako onani kuti yanuyo ndi ya mtundu wanji. Tembenuzani, chotsani thupi. Ngati mukuona mota, ESC (kabokosi kolamulira liwiro la mota), servo (kamota kokhotetsa matayala) ndi receiver (kolandira uthenga wa limoti) chilichonse chili pachokha, cholumikizidwa ndi mawaya ozuka, ndipo zomangira zake ndi zomasula ndi allen key, muli ndi thiraki yoti ingakonzedwe. Ngati zonse zili pa kabolodi kamodzi kobiriwira ndipo magiya ali m'kabokosi kotsekedwa, ndi chidole cha ana, ngati zambiri zomwe timaziona m'mashopu a zidole a ku Dragon City ndi China Mall. Zimenezo n'zabwino pa ntchito yake, koma zipangizo zosinthira sizipezeka, ndipo pa njira zili m'munsizi yokhayo yomwe ingagwirepo ndi ya ngolo.

Chachitatu, chikuyamba kugonja n'chiyani? Ichi musachite kuganizira, yesani. Tengani mchenga, muuyeze pa sikelo ya kukhitchini m'timatumba ta magalamu 500. Madzi a m'botolo ndi osavuta kuwerengera, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, koma amakhuthukira uku ndi uku ndipo angagwetse thiraki yomwe ikanapirira. Ikani kathumba kamodzi, pansi penipeni pa thiraki, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo kapena patsogolo pake pang'ono, osati kuseri kwake. Yendetsani mphindi 5, imani, khudzani mota, onjezerani kena. Kumbuyo kukagunda pansi, vuto ndi masipuling'i. Mota ikatentha moti chala sichingakhalepo masekondi angapo, vuto ndi magiya. Mukamva kulira kwa "kre kre kre" ponyamuka, mano a giya akulumpha. Ikamakana kukhota, ndi servo kapena kakhalidwe ka katundu. Ochita masewerawa ambiri salola mota kupitirira madigiri 70 kapena 75. Zopimira kutentha zija zinadzaza m'nyumba nthawi ya Covid mu 2020 zambiri zimathera cha pa madigiri 43, pokhapokha yanu ili ndi batani lopimira zinthu osati thupi.

Pomaliza, muziiyendetsa pati? Pa simenti ya pa yadi katundu amapepuka, pa udzu wa kikuyu wa m'mapaki amalemera kowirikiza m'maso mwa mota. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo mpweya wopepuka suziziritsa mota ngati wa ku Durban. Malangizo a magiya omwe mwaona kwa munthu wa m'mbali mwa nyanja angakuotchereni mota kuno masana a mu Disembala. Nyengo yozizira ili ndi lake vuto, fumbi, makamaka kwa inu okhala kufupi ndi milu ya mchenga wa migodi cha kummwera kwa mzinda.

Njira iliyonse ndiiyeza pa mtengo, kupezeka kwake, kusamalira, ndi zomwe zingalakwike. Mitengo ndiyerekeza njira ndi inzake m'malo motchula marandi, chifukwa zipangizo zambiri n'zochokera kunja ndipo mtengo wake umayenda ndi dola.

Masipuling'i, ma shock ndi matayala

Apa ndi pamene katundu amayamba kufikira. Chonyamula ndi sipuling'i. Mafuta a mu shock ntchito yake ndi kuchedwetsa kutsika ndi kukwera kuti thiraki isamadumphedumphe. Anthu amasokoneza ziwirizi: mukathira mafuta okhuthala osasintha sipuling'i, thiraki ikhalabe pansi, kungoti itsika pang'onopang'ono. Kamphete kokhwimitsira sipuling'i nako kamangokweza thiraki, sikalimbitsa sipuling'iyo. Chomwe mukufuna n'chakuti katundu ali pamwamba, shock ikhale italowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3, kuti patsale poti ilowe ikaponda mwala. Sipuling'i ikalimba m'pamene mafuta nawo ayenera kukhuthala. Ngati munali a 30wt, omwe pa muyeso wina amalembedwa cha m'ma 350 cSt, kwerani pa 40 kapena 50, kumbuyo kokha poyamba. Mathiraki a masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, monga a kampani ya Tamiya a 1/14 ndi ambiri a kampani ya WPL, mumangoonjezerapo chitsulo china.

Matayala amaiwalika. M'kati mwake mulibe mpweya wopopa, muli siponji. Siponji yofewa ikalemedwa imaphwathalala, tayala limapindika pokhota, ndipo mota imavutika kuligudubuza. Siponji yolimba, yosamwa madzi, imathetsa zimenezi.

Mtengo: wotsika. Masipuling'i awiri, kabotolo ka mafuta ndi masiponji n'zotchipa kuposa mota ndi ESC yake kutalitali. Ma shock athunthu a aluminiyamu ndi odulirapo, ndipo ngati anu sakudontha simukuwafuna.

Kupezeka: mashopu a RC, ogulitsa zoyendera limoti, a muno mu Gauteng amakhala nazo za Traxxas, Tamiya, Axial ndi Arrma. Yanu ikakhala ya dzina losadziwika, masulani shock imodzi mupite nayo, chifukwa sipuling'i imasankhidwa potengera kutalika ndi kukula kwa m'mimba mwake, osati dzina.

Kusamalira: pukutani timitengo ta ma shock mukachoka pa fumbi, apo ayi mchenga udya timphira ta m'kati n'kuyamba kudontha. Mafuta akhale a silicone. A injini ya galimoto amatha kutupitsa timphirato ndipo amalimba m'mawa wa mu Juni. Mukamaliza kusewera tsitsani katundu, musaigoneke italemedwa.

Zomwe zingalakwike: ikakhala yopanda katundu imadumpha ndi kuterereka kumbuyo. Ngati ndi yokwera miyala, imataya kufewa kuja komwe kumaithandiza kuti matayala onse azigwira pansi. Mphamvu yomwe sipuling'i yofewa inkameza tsopano ikupita pomwe shock yamangidwa, ndipo pamenepo pakakhala papulasitiki yopyapyala pamang'aluka.

Kutsitsa magiya

Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaiikira kumbuyo kwambiri, ndipo ndi imene anthu amainyoza chifukwa sioneka. Pa mota pali kagiya kakang'ono, pinion, kamene kamazunguza giya yaikulu, spur. Tiyerekeze pinion ili ndi mano 20, spur 80: mota izungulira kanayi kuti spur izungulire kamodzi. Mukaika pinion ya mano 16, izungulira kasanu. Mphamvu yokokera ku matayala yakwera ndi 25 peresenti, liwiro latsika ndi 20 peresenti, mota ikugwira ntchito momasuka, ikuzizira, ndipo batire likukhalitsa. Pa thiraki ya katundu, kuthamanga si kufika.

Ngati thiraki yanu ili ndi magiya osintha, awiri ngati Traxxas TRX-4 kapena atatu ngati mathiraki a Tamiya a 1/14, yambani mwayesa giya yoyamba musanagule kanthu. Matayala aang'onoko nawo amachita chimodzimodzi ndi kutsitsa magiya, kungoti mimba ya thiraki imayandikira pansi.

Mtengo: palibe yotchipa kuposa iyi. Pinion imodzi yachitsulo, mwatha.

Kupezeka: ndi yosavuta kupeza, koma ndi yosavutanso kugula yolakwika. Mano a magiya amasiyana kukula: pali 48P, 32P, mod 0.6 yomwe Tamiya amaikonda, mod 0.8 ndi mod 1. Ya 32P ndi ya mod 0.8 zimayandikana moti ambiri amaziphatikiza, koma 48P ndi mod 0.6, ngakhale zimaoneka ngati zofanana m'maso, zimadyana mano. Onaninso kabowo: mota za saizi 540 ndi 550 zambiri kandodo kake kozungulira, komwe pinion imalowapo, ndi ka mamilimita 3.175, zazikulu za brushless (zopanda makala m'kati) ndi 5, ndipo timota ta 370 ndi 2. Mathiraki ena ali ndi mabowo okhazikika omangirapo mota omwe amalola ma pinion awiri kapena atatu okha. Bukhu la thirakiyo limanena, ndipo likatayika limapezeka pa intaneti.

Kusamalira: mano a pinion ndi spur asathinane, asatalikirane. Lowetsani kapepala ka m'kope pakati pawo, kanikizani mota, mangani, kenako tulutsani kapepalako. Mpata wotsalawo ndi woyenera. Kasikuluwu ka pinion kakhale pa mbali yophwathalala ya kandodo ka mota, ndi kadontho ka threadlock ya buluu, zomatira zoletsa sikuluwu kumasuka. Ngati pinion yomwe inabwera ndi ya aluminiyamu, isintheni ngakhale mano musawachepetse, chifukwa imadyeka msanga ndipo phulusa lake limapala spur.

Zomwe zingalakwike: mphamvu yoonjezerekayo ikudutsa mu ma driveshaft, ndodo zopititsa mphamvu ku matayala, ndi mu difu, ndipo tayala likakodwa pamwala, chimodzi mwa izi chingathyoke. Ngati pali slipper clutch musaimange mpaka kumapeto, inaikidwa kuti izitereka chisanathyoke china. Vuto lina ndi la kunyumba: mwana adzadandaula kuti mwamuonongera galimoto.

Mota ndi ESC

Mota za brushed, zokhala ndi makala m'kati, zimadziwika ndi nambala ya T, kuchuluka kwa mapindidwe a waya m'kati. Ya siliva yomwe imabwera ndi Tamiya zambiri ndi 27T. Za 35T, 45T ndi 55T zimazungulira pang'onopang'ono, zimadya moto wochepa, sizitentha msanga, ndipo zimanyamuka mofatsa osagwedeza katundu. Musayembekeze kuti T yokwera ikupatsani mphamvu zambiri zedi. Chomwe imakupatsani ndi ulamuliro ndi kuzizira. Mukafuna mphamvu zenizeni, ya 550 yomwe ndi yotalikirapo kuposa 540 imakoka kwambiri, bola malo akhalepo.

Za brushless ndi pomwe ndalama za anthu zimathera. Zotchipa zambiri zilibe sensor, kachipangizo kouza ESC pomwe mota yafika pozungulira, ndipo zimapangidwira liwiro. Ponyamuka ndi katundu zimachita chibwibwi, kugwedezeka zisanagwire, ndipo kugwedeza kumeneko ndi komwe kumaswa magiya. Yoyenera katundu ndi ya sensor, kapena yonga Hobbywing Fusion yomwe mota ndi ESC zili pamodzi, ya kV (nambala yosonyeza liwiro la mota) yotsika monga 1200 kapena 1800. Imeneyo imayenda ngati ikukwawa ngakhale italemedwa, koma muilipira.

Pa ESC, chofunika kuposa kuchuluka kwa ma amp ndi drag brake, buleki yomwe imagwira yokha mukachotsa chala. Popanda iyo thiraki yolemedwa imatsetsereka pa malo otsika. Hobbywing QuicRun 1080 imalola kusankha mphamvu ya buleki imeneyi, ndipo ndi ya mota za brushed.

Mtengo: brushed ya T yokwera ndi yapakatikati, ndipo nthawi zambiri ESC yanu yakale imagwirabe. Brushless ya sensor ndi ESC yake ingayandikire mtengo wa thiraki yotchipa yathunthu, ndipo kawirikawiri imakukokerani ku batire la LiPo ndi chaja chake.

Kupezeka: za Hobbywing zimapezeka m'mashopu a RC komanso pa intaneti muno mu South Africa. Kuitanitsa pa AliExpress kumaoneka kotchipa, koma werengerani VAT ya 15 peresenti, msonkho ngati ulipo, ndi masabata odikira. Mabatire a LiPo gulani konkuno, chifukwa kuwatumiza pa ndege kuli ndi malamulo okhwima.

Kusamalira: mota ya brushed imatha, makala ake amadyeka, ndipo fumbi limalowa m'mabowo ake. Mumaipemerera, kudontheza mafuta pang'ono kumapeto onse awiri, ikatha mumagula ina. Ya brushless imakhalitsa. Ntchito yaikulu ili pa batire. La NiMH la 7.2V ndi lolemera koma lofatsa. La LiPo la 2S, ndiye kuti la maselo awiri, limalembedwa 7.4V, likadzaza limafika 8.4V, silifunika kutsika pansi pa 3.0V pa selo iliyonse, ndipo mukaliika kwa masiku lisiyeni pa 3.8V pa selo.

Zomwe zingalakwike: moto, osati mophiphiritsa. Ambiri mwa ife tikukhala m'chipinda chimodzi cha lendi, ku Rosettenville, ku Yeoville kapena kuseri kwa nyumba ya abwana, pomwe bedi, katani ndi soketi zili pamodzi. LiPo isatchajidwe pa bedi, pa kapeti, kapena inu mutagona. Magetsi akathima musasiye chaja chili cholumikizidwa kuti chidzapitirize akadzayaka usiku. Batire lotupa kapena lophwanyika mbali lisagwirenso ntchito. Ku mbali ya thiraki, mota yamphamvu pa magiya a pulasitiki ndi njira yachidule yopitira ku mutu wotsatirawu musanakonzeke.

Zitsulo m'malo mwa pulasitiki

Otsatsa malonda amakonda mbali iyi chifukwa zitsulo zonyezimira zimakongola pa chithunzi. Zina n'zofunikadi, zina n'zongotayira ndalama.

Zofunika, motsatana: ma bearing m'malo mwa timphete ta pulasitiki kapena ta mkuwa tomwe timabwera ndi ma kit ambiri a Tamiya, ma driveshaft achitsulo, magiya achitsulo a mu difu, ndi servo ya magiya achitsulo ya mphamvu ya 20 kapena 25 kg. Chassis ikamapindika pakati, kachitsulo ka aluminiyamu kopindidwa ngati L kochokera ku hadiweya, komangidwa mbali zonse ziwiri, kamakwanira.

Zosafunika: mikono ya matayala ya aluminiyamu. Ya nayiloni ikagunda imapindika n'kubwerera. Ya aluminiyamu ikapindika yapindika, ndipo ikakana kupindika imapereka mphamvuyo ku chinthu chodula chomwe yalumikizidwako. Zolemeretsa za brass zoika ku matayala zimathandiza kuti thiraki isagubuduke, koma sizionjezera chomwe inganyamule. Galamu iliyonse ya brass mota ikuikoka limodzi ndi katundu wanu.

Mtengo: chimodzichimodzi ndi wapakatikati, koma mndandanda wake sutha, ndipo pophatikiza ungapitirire mtengo womwe munagulira thirakiyo.

Kupezeka: ma bearing safuna shopu ya RC. Amagulitsidwa potengera muyeso, ndipo ogulitsa ma bearing a mafakitale amatha kukhala nawo kapena kukuitanitsirani. Ya Tamiya yotchedwa 1150 ndi 5x11x4 mm, yomwe kwa iwo ndi MR115. Sankhani ya zotsekera za mphira, 2RS, chifukwa cha fumbi lathuli. Zina zonse zimayendera dzina ndi mtundu wa thiraki. Samalani ndi mawu akuti metal: magiya ena otchipa ndi a zinc yosungunula, yomwe imanyenyeka msanga kuposa nayiloni yabwino. Funsani ngati ndi steel.

Kusamalira: girizi mu difu, threadlock pomwe chitsulo chalowa mu chitsulo, koma osati pa pulasitiki chifukwa imaidya. Mvula ya masana ya m'chilimwe ikakupezani, umitsani ndi kuthira mafuta tsiku lomwelo, ma bearing sachedwa dzimbiri.

Zomwe zingalakwike: katundu amafunafuna pofooka. Mukalimbitsa driveshaft, chothyoka chimakhala difu. Mukalimbitsa difu, imakhala giyabokosi. N'chifukwa chake spur ya pulasitiki ndi bwino kuisiya dala: ndi yotchipa, yosavuta kufikira, ndipo ikadyeka yapulumutsa zina. Servo yamphamvu nayo imakoka moto wambiri kudzera mu ESC, ndipo ESC ikalephera kuupereka, thiraki imazima kwa kamphindi pokhota.

Ngolo

Aliyense amene anakwerapo basi ya kumudzi kuchokera ku Park Station anaona kuti mafiriji, mabedi ndi migolo sizikwera pa msana pa basi, zimalowa mu ngolo yomwe ikukokedwa kumbuyo. Pa thiraki ya limoti n'chimodzimodzi: imakoka zambiri kuposa zomwe ingasenze, chifukwa kulemera kumakhala pa matayala a ngoloyo, ndipo masipuling'i a thiraki sakhudzidwa kwenikweni. Katundu akhale pamwamba pa ekiselo ya ngolo, mopendekera kutsogolo pang'ono, kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 litsamire pa chokokera. Akapendekera kumbuyo, ngolo imanyamula matayala akumbuyo a thiraki n'kumagwedezeka uku ndi uku.

Mtengo: ungakhale wochepa kwambiri. Kathabwa ka plywood, aluminiyamu wa L, ndodo yachitsulo, ndi matayala a thiraki ina yakufa. Amene munakula mukupinda magalimoto a mawaya, ntchitoyi siikutengerani Loweruka lonse. Zogula zopangidwa kale, makamaka za Tamiya za 1/14, ndi zodula.

Kupezeka: zonse zili ku hadiweya. Mu matayala a ngolo ikanimo ma bearing, kusiyana kwake mukumva pa mota.

Kusamalira: pafupifupi palibe, kupatula kuona kuti chokokera sichinamasuke.

Zomwe zingalakwike: ngolo ilibe mabuleki. Potsika imakankha thiraki, ndipo ikalemera kuposa thirakiyo imaipinda pakati. Pokwera mtunda kulemera konse kumabwerera kwa mota, choncho kutsitsa magiya kukufunikabe. Pa udzu ndi pa miyala imakodwa, ndipo thiraki yopepuka imangozunguza matayala pamodzimodzi mpaka mutaiikira kathumba kamodzi pamsana kuti igwire pansi.

Kugula ina yopangidwira katundu

Pali poti munthu aleke kukakamiza. Thiraki yothamanga, ya ma shock ataliatali ofewa, inapangidwira kudumpha. Mungaisinthe zonse, ikhalabe yoipa pa katundu ndipo idzakhala itasiya kukhala yabwino pa liwiro.

Tamiya akhala akupanga mathiraki a 1/14 kuyambira ndi King Hauler mu 1993, ndipo kunabwera Scania, MAN, Volvo ndi Mercedes-Benz Actros. Ali ndi chassis ya njanji ziwiri za aluminiyamu, masipuling'i osanjikiza, magiya atatu ndi pokolekapo ngolo. Pa simenti yosalala, pokoka, ndi ovuta kuwaposa. Traxxas ali ndi TRX-6 ya matayala 6 onse okoka, ndipo mtundu wake wina, Ultimate RC Hauler, unapangidwa kuti uzinyamula galimoto ina ya limoti pamsana. Kumbali yotchipa kuli WPL B36 ya 1/16, nayo ya matayala 6, yokongola koma yaing'ono, katundu wake ndi wochepa.

Mtengo: wokwera kuposa njira zonse, kupatula WPL. Ya Tamiya imabwera ili zidutswazidutswa, ndipo limoti, ma servo, ESC, batire ndi penti mumagula padera.

Kupezeka: zatsopano m'mashopu a RC, zina mochita kuitanitsa. Zakale zimatuluka pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi Bob Shop, nthawi zambiri kwa anthu amene anatopa nazo, ndipo m'menemo mumapezeka mwayi.

Kusamalira: monga zina zonse, koma zipangizo zake zili ndi manambala ndipo zimapezeka kwa zaka zambiri.

Zomwe zingalakwike: ya Tamiya mimba yake ili pafupi ndi pansi, pa udzu siyenda. Pogula yakale, musatumize dipoziti kwa munthu amene simunamuone. Kumanani masana pamalo a anthu ambiri monga ku mall, yendetsani kutsogolo ndi kumbuyo, mverani magiya, ndipo batire lake muliwerengere ngati lakufa pokambirana mtengo.

Ndiye inu mutenge iti?

Ngati ndi chidole cha ana cha kabolodi kamodzi, pangani kangolo kopepuka, muziyendetsa pa simenti, musagule china chilichonse.

Ngati muli ndi ya 1/10 yokwera miyala, monga TRX-4 kapena Axial SCX10, ndipo mukufuna izinyamula kilogalamu imodzi kapena awiri, masipuling'i akumbuyo ndi masiponji olimba akukwanirani. Magiya ake ndi otsika kale. Yesani kutentha kwa mota, ikapsa m'pamene muchepetse pinion ndi mano awiri.

Ngati yanu ndi yothamanga ndipo katunduyo ndi wa apo ndi apo, gulani pinion yaing'ono ndi masipuling'i awiri, zakalezo muzisunge m'kachitini, muzibwezeretsa tsiku lomwe mukufuna liwiro. Brushless yopanda sensor yomwe ilimo musaikakamize kukwawa ndi katundu pa udzu.

Ngati mukufuna kusuntha makilogalamu 5 kupita m'tsogolo pamalo osalala, ndi ngolo ndi magiya otsika, kenako ma driveshaft achitsulo ngati akale ayamba kupotoka. Mukaona kuti zofunika kugula zadutsa theka la mtengo wa thiraki yoyenera, imani, gulitsani yanuyo ikadali yamoyo, musakesake ya 1/14 kapena ya matayala 6 yakale.

Brushless ya sensor ndi ya munthu amene wachita kale zonsezi, amene akufuna kukwera mitunda ndi katundu mofatsa, ndipo ali ndi malo abwino otchajira LiPo.

Ndipo ngati thirakiyo ikupita kumudzi mu Disembala kuti ikatsale ndi ana ku Mangochi kapena ku Mzimba, iwalani za brushless. Ikani mota ya brushed ya 35T kapena 45T ndi batire la NiMH lomwe mwana angatchaje popanda kuopa moto. M'chikwama muponyemo spur ziwiri, pinion, driveshaft imodzi, ma bearing angapo ndi ma allen key ake, chifukwa kumeneko simukazipeza pafupi. Ngati mukutenga LiPo yanu pa ndege kuchokera ku OR Tambo, ilowe m'chikwama cha m'manja, osati chopita pansi, mapulagi ake atakutidwa ndi tepi. La 2S la 5000 mAh ndi 37 Wh, pansi pa malire a 100 Wh omwe makampani a ndege amalola.